Mofati ndi Mvula ya Ndalama ya ku Lilongwe

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu. Ku Zomba kunali mmisiri wa mipope, dzina lake Mofati Kandaya. Malipiro ake anali ochepa, inde, koma kuntchito ankayenda wapansi, madzi ankatunga ulere pakasupe, ndipo eni nyumba, mayi Nasimango, ankamulola kuthyola mapeyala ndi chigwada kuseri.

Tsiku lina mlamu wake anamunong'oneza kuti ku Lilongwe ntchito yomweyo amalipira kawiri. Mofati anathamangira kwa mkazi wake, Esinati.

"Akazanga, mangani katundu! Kumeneko ndalama zimagwa ngati mvula!"

"Nanga nyumba kumeneko ndi zingati, bambo?"

"Aa, munthu wa malipiro awiri amafunsa mtengo?"

Nkhuku zawo zonse anazitaya m'manja mwa Nasimango. "Tengani, mayi. Ife tizikagula zososola kale."

Mwezi utatha ali ku Lilongwe, ndalama zinagwadi. Koma lendi inadya theka. Maminibasi awiri popita kuntchito, awiri pobwera. Madzi ogula pandowa, makala ogula m'kajumbo. Atapita kumsika, Mofati anagwira pakamwa.

"Chigwada chomwechi mukugulitsa? Kwathu timapatsa mbuzi!"

"Ndiye pitani mukadye ndi mbuzizo, achimwene," anatero mayi wogulitsa.

Pofuna kupulumutsa thumba, Mofati anasaka nyumba yotchipa. Anaipeza kudambo, m'chilimwe, pansi pali gwaa. Sanafunse kuti n'chifukwa chiyani inali yopanda munthu.

Mvula yoyamba itagwa, matope analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Ufa unasanduka phala, mphasa inayandama, nsapato za kuntchito sizinaonekenso. Esinati anamupatsa ndowa.

"Chingani, bambo. Si mvula yanu ija?"

Anabwerera ku Zomba mitu ili pansi, osadziwa kokagona. Koma Nasimango anali asanaikemo munthu m'nyumba muja.

"Ndinkadziwa," anatero akutsekula chitseko. "Nkhuku zanu zaswa, zikundithera chimanga. Mawa mukapepese abwana anu, mipope ikudontha tauni yonse."

Mofati anagwada pansi, misozi ili mbwe. "Zikomo, mayi, zikomo! Malipiro anga enieni anali kuseri kwa nyumba ino, ine osaona."

Mayiwo anayang'ana matope ouma pamiyendo ya mpando umene awiriwo anabwera nawo, n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Dzukani, mwanangu, kathyoleni mapeyala. Koma ulendo wina muzifunsa kaye. Walira mvula, walira matope."