Pensulo ndi Rabala za a Chipewa

A Chipewa, oyimba nyimbo za kantire aja, anayenda ndi mawu othokoza m'thumba la jekete kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, kudikira mphoto yosabwera. Chaka chilichonse dzina lawo linkatuluka pa oyimba asanu opikisana, ndipo envelopu ikatsegulidwa ankatchulidwa wina. Iwo ankawomba m'manja kuposa aliyense, n'kubwerera kunyumba kukakonzanso pepala lawo.

Pepalalo linali mndandanda wa anthu oti adzawathokoze pa kanema tsiku lopambana. Ankalemba ndi pensulo basi, ati munthu woyenera inki sanabadwe. Ukawalakwira sankakutukwana. Ankangotulutsa pepala, kulitsamiritsa pamsana pa gitala, n'kukufufuta ndi rabala uli pomwepo ukuona. Wometa anafufutidwa chifukwa chosiya ndevu za m'masaya zosalingana, ndipo anapita kukapepesa katatu asanabwezeretsedwe. Telala ankakonda kufunsa akazi awo a Chipewa pamsika ngati akadalipo pamndandandawo. Mayiwo ankamuyankha kuti akafunse wina, iwo eni afufutidwa kawiri sabata yomweyo.

Panalinso kabati kakang'ono kagalasi kosungiramo chikho. Anaitana kalipentala, n'kumuyezera chikhocho ndi zikhatho pagalasi la kanema mwambo uli mkati. Kabatiko kanakhala pabalaza kopanda kanthu, ndipo Loweruka lililonse ankakapukuta. Mlendo akaikamo makiyi ankauzidwa kuti malowo ali ndi mwiniwake, ali m'njira.

Yemwe sankaseka nazo ndi mwana wawo wamkazi. Atabwera kutchuthi kuchokera kunja komwe ankagwira ntchito, anapeza bambo ake pagalasi akuyeserera kuwerenga, chipewa atachigwirira pamtima. Anawauza mosabisa kuti kunjako oyimba sajambulira nyimbo m'galaja la mnzawo, kuti nyimbo za ng'ombe yosochera ndi sitima yochedwa palibenso amazimvera, ndiponso kuti akomiti amangowaitana kuti akadzaze mpando.

"Wamaliza, mayi?"

"Ndamaliza, bambo."

A Chipewa anatulutsa rabala. Iye anaseka, n'kukapakira chikwama. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, pafoni ankangokambirana za mvula ndi za mankhwala.

Ulendo wachiwiri anafika bambo ake ataikidwa kale m'manda. Ankafuna kukhala milungu iwiri yokha, moti chikwama sanachimasule. Ndiye kunabwera kalata yoti komiti yaganiza zolemekeza malemuwo ndi chikho cha ntchito ya moyo wawo wonse. Amayi ake anati miyendo siingawalole kuima pagulu, pepala lija akawerenga ndi iyeyo. Jekete linali pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo masiku atatu ankangolidutsa osaligwira. Gulu la anthu sankaliopa. Ankaopa kuwerenga wometa, kalipentala, mwina ndi galu wa oyandikana nawo, lake dzina mulibe.

Pepalalo analitsegulira papulatifomu, masana, holo itadzaza. Wotsogolera mwambo anamunong'oneza kuti ali ndi mphindi imodzi. Masamba anali anayi. Mzere woyamba unali wa amayi ake. Pamzere wachiwiri panali chibowo: pepala linali litabooka ndi kulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Pambali pa chibowocho panali dzina lake lapaubwana, lomwe ankamutchula bambo ake okha. Linali la inki.

Mphindi ija inatha akuyang'anabe dzinalo. Okonza mwambo anayamba kuliza nyimbo yomuthamangitsira pansi. Kumbuyo kwenikweni wometa anaimirira.

"Werengani, mayi. Ife tadikira zaka makumi awiri ndi zitatu."

Anawerenga. Pakati pa tsamba lachiwiri anamuzimitsira maikolofoni, koma anapitiriza ndi mawu ake okha, ndipo aliyense wotchulidwa ankaimirira: wometa, kalipentala, mwini galaja, mayi wogulitsa nsambo za gitala. Galu uja analipodi. Telala ndiye munalibe, anali atafufutidwa Lachiwiri lomaliza la moyo wa a Chipewa chifukwa cha batani. Mwana wamkaziyo anamuona atakhala m'mphepete, atagwira mawondo, akumuyang'anitsitsa pakamwa. Anamutchula. Telala anaimirira mofulumira mpaka mpando unagwa.

Kunyumba chikho chinakana kulowa m'kabati. Chinatalika ndi zikhatho ziwiri, poti kanema ya a Chipewa inali yaing'ono. Amayi anaseka koyamba chimwalirireni amuna awo, anaseka mpaka anakhala pansi, kenako sikunalinso kuseka.

Lero chikhocho chimakhala pansi, chimagwira chitseko kuti mphepo isachimenyetse. M'kabati muli pepala, pensulo ndi kachidutswa ka rabala kochepa ngati nyemba. Pamsewu wathu anthu amalakwirana n'kungodutsana, palibenso woopa kufufutidwa, ngakhale wometa amayezabe ndevu za m'masaya kawiri asanalole munthu kudzuka. Mwana wamkazi uja amadandaulabe za fumbi ndi mabasi ochedwa, ndipo tikiti ya ndege waisintha kawiri. Loweruka amapukuta kabatiko ndi iyeyo.