Tsiku Limene a Bizwick Anatuluka Thukuta

Pa esiteti yathu panali anthu oumira mchere, ena oumira fodya, koma a Bizwick ankaumira mphamvu. Ndikunena kuumira kwenikweni. Ntchentche ikawatera pamphuno ankayamba aganiza kaye ngati kuithamangitsa kuli ndi phindu, ndipo nthawi zambiri ntchentcheyo inkachoka yokha itatopa.

Anafika kuno ku Thyolo ali mnyamata, pamodzi ndi mlongo wawo Eneless, pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi kutsidya kwa Ruo. Ankati pa ulendo umenewo anathamangiratu za moyo wawo wonse, choncho miyendo yawo isavutitsidwenso. Kuno mzungu anawapatsa pomanga nyumba ndi kamunda kumunsi kwa tiyi, malipiro ake thangata. Inu obadwira m'midzi ya mafumu mwina thangata mumangolimva. Ndi ntchito yolipirira pamene ukugona, ndipo mzungu amaifuna dzinja, tiyi akamaphuka udzu ukamamera, nthawi yomweyonso imene chimanga chako chikulirira khasu. Ukakana akupatsa notisi, nyumba n'kugwetsa. Kubwerera kwa Apwitikizi sungayerekeze. Ndiye thupi limodzi lomweli lizilima minda iwiri, wa mzungu m'mawa, wako ndi zimene zatsala.

Ambirife sitinkatsala ndi kanthu. A Bizwick okha ndiwo anakhala pansi n'kuiganizira nkhaniyi, poti kukhala pansi ndiye ankakudziwa.

"Achimwene," anandiuza tsiku lina tikupita kuntchito, "mphamvu ndi ufa. Ukamuphikira wonse mlendo, ana ako agona ndi njala."

"Nanga mlendoyo akakhala ndi chikoti?"

"Umamuphikira phala, n'kumuuza kuti ufa ndi womwewo."

Atatero anatseka pakamwa mpaka madzulo, poti anali atalankhula za tsiku lonse.

Moni ankapereka kamodzi. Mukakumananso masana ankangokweza nsidze, ndipo ukadandaula ankati, "Wam'mawa uja wawonongeka kale?" Kutchalitchi ankaimba mzere woyamba ndi womaliza, pakati ponsepo n'kumangoyendetsa milomo. Mphunzitsi atawafunsa, anayankha kuti Mulungu nyimboyo amaidziwa, safunika kumukumbutsa yonse. Kukakhala gule wa tchopa, ng'oma zikamaitana ngakhale nkhalamba za ndodo, iwo ankakhala pachitsa n'kumavina ndi chala chachikulu cha kuphazi. Chalacho chinkavina bwino, sindinama.

Amene anavutika nawo ndi akazi awo, a Anesi, mayi wolongolola amene ankakonda mkangano monga ena amakondera nyama. Tsiku lina tinawamva akukalipa kuyambira pamene anatereka kalongonda mpaka atapsa, ndipo nyemba za kalongonda mukuzidziwa kuchedwa kwake. A Bizwick anali chigonere pakhonde, chipewa kumaso.

"Bambo a Lizzie, ndikulankhula ndi inu kapena ndi mtondo?"

"Ndi ine, mayi."

"Nanga simuyankha bwanji?"

"Mukulankhula bwino nokha. Mbali yanga muinenenso inu, mumaidziwa."

A Anesi anaseka mpaka kukhala pansi, mkangano n'kuthera pomwepo.

Koma luso lawo lenileni linali kumunda kwa mzungu. Popalira tiyi, kapitao amayeza ndime ndi chingwe, aliyense yake, ndipo ndime yako ikapanda kutha tsikulo silikuwerengedwa. Kapitao wathu anali a Douglas, munthu wamtali wokonda kuti bwana azimuona akutuluka thukuta ndi kukalipa. Anyamata ankalimbirana kumaliza msanga, makasu ali m'mwamba, dothi likuuluka. A Bizwick khasu lawo linkakwera mongofika m'mawondo, n'kutsika lokha ndi kulemera kwake. Sankayang'ana kumbali, sankaimba nawo, sankaweramuka pachabe. Koma belu loweruka likamalira, khasu lawo linkakhala likudula udzu womaliza. Osati kale, osati pambuyo.

A Douglas zinkawawawa mumtima. Ankaima kumbuyo kwawo, chikoti chikugunda mwendo.

"Iwe Bizwick, ukulima kapena ukusisita nthaka?"

"Ndime itha, akapitao."

"Ndikufuna ndione thukuta!"

"Chingwe chanu chinayeza udzu, thukuta simunayeze."

Kuwamenya sakanatha, poti ndime inkatha. Anangowatcha mlesi wamkulu wa esiteti yonse, dzina n'kufika mpaka kwa bwana. A Bizwick analilandira ndi manja awiri ngati mphatso.

Chodabwitsa chinali chakuti munda wawo unkakhala woyera kuposa yathu yonse, nkhokwe n'kudzaza, nandolo ndi chinangwa zosasowa. Anthu anayamba kunong'ona kuti ali ndi ndondocha zowalimira. Zoona zake n'zakuti ife tikaweruka tinkangofikira kugwa pamphasa ngati matumba, pamene iwo ankamwa madzi n'kutsetserekera kumunda kwawo kuseri kwa nsungwi. Tikanawaona bwanji tili m'tulo? A Anesi akamva za ndondochazo ankati, "Ndondocha yake ndi yomweyo mumaiseka ija." Ife osamva. Kunali kosavuta kukhulupirira ufiti kusiyana n'kukhulupirira kuti a Bizwick amatha kufulumira.

Ndiye kunabwera chaka chija mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Mlongo wawo Eneless anali atatsala yekha ndi ana, mwamuna atapita ku Halale n'kutchona. Thangata la nyumba yake ankagwira yekha. Kenaka mwendo wake unachita chilonda chachikulu, chija chimadya mnofu osapola. Ankabwera kumunda akutsimphina, n'kumalima chokhala, ndime osatha. M'mawa wina a Douglas anaima pamaso pa tonse n'kunena kuti bwana watopa, ndime ya Eneless ikapanda kutha lero, mawa notisi.

Eneless sanalire. Anangoyang'ana mlongo wake. Kwathu kuno mlongo wako ndi ana ake ndi mbumba yako, ukaitaya ngakhale agalu amakuseka. Nanga akanapita kuti mayi wa chilonda ndi ana, dzinja lili pakati?

A Bizwick anayang'ana ndime yawo, anayang'ana ya Eneless. Ndinawaona akuwerengera mumtima monga ankachitira ndi ntchentche ija. Kenaka anavula malaya.

Abale anga, ine ndakhala ndi khasu moyo wanga wonse, koma zimene ndinaona tsiku limenelo sindinazionenso. Khasu linkalira ngati likudandaula. Udzu unkagwa usanakhudzidwe. Anyamata aja othamanga anasiya kulima n'kuima kukamwa kuli yasa, wina mpaka anadzitema chala. Dzuwa lisanafike pamutu ndime yawo inali itatha, iwo ali kale pakati pa ya Eneless, msana ukunyezimira. Mayi wina anafuula kuti, "Tabwerani mudzaone, a Bizwick akutuluka thukuta!" Anthu anathamanga kuchokera mbali zonse, ngakhale otchola tiyi, madengu ali kumsana. Tinaseka, tinaimba, tinaombera m'manja ngati kuli ukwati. Ndime ya Eneless inatha nthawi ikadalipo.

Amene sanaseke ndi a Bizwick. Anavala malaya awo pang'onopang'ono, maso ali pa a Douglas, amene anali ataima pachulu akumwetulira.

"Kani ufa unalipo?" anatero a Douglas. Nkhani ya phala ija inali itawafika kalekale.

M'mawa mwake chingwe chinabwera chitalumikizidwa. A Douglas anati bwana wanena kuti ngati mlesi wamkulu wa esiteti yonse angathe ndime ziwiri, ndiye kuti ena tonsefe takhala tikusewera. Ndime inakula kwa aliyense. A Bizwick anapatsidwa yawo yatsopanoyo, ndi kuuzidwa kuti ya Eneless ikhalanso pamutu pawo mpaka mwendo utapola. Mwendowo sunapole msanga.

Ndimakwiya mpaka lero ndikakumbuka kuti anthu omwe aja ankaombera m'manja ndi amene anayamba kuwatukwana. Ankati atiika m'mavuto ndi matama awo. Mnyamata wina anawalalatira panjira, iwo n'kungomuyang'ana.

"Simuyankha?" ndinawafunsa.

"Ndiyankhe ndi chiyani, achimwene? Zatha."

Ndipo zinathadi. Tsopano ankaweruka dzuwa litapendeka, n'kumafikira pamphasa monga ife tonse. A Anesi ankalimbana nawo okha munda uja, koma nawonso anali ndi masiku awo otchola tiyi. Udzu unakwera, chimanga chinachita chikasu chili m'mawondo. Chaka chimenecho kwa a Bizwick kunagulidwa chinangwa kwa nthawi yoyamba, ndipo nkhani ya ndondocha sinamvekenso. Chilonda cha Eneless chitapola, a Douglas sanaiwale zimene anaona. Pakakhala chitsa chozula, a Bizwick. Pakakhala ngalande yokumba, a Bizwick. Akayesa kubwerera ku kalimidwe kawo kakale, chikoti chinkawakumbutsa kuti chinsinsi chinaululika. Munthu ungabise mphamvu zimene anthu sanazione, koma zimene anaziona n'kuziimbira nyimbo ungazibise pati?

Anayamba kutsokomola nyengo ya chiperoni, kamvula kaja kosatha kolowa m'mafupa. Chaka chotsatira anagona. Nditapita kukawaona ndinawapeza atatha ngati ndodo, koma ali phee, osadandaula.

"Kodi sizikupweteka?"

"Zikupweteka."

"Nanga osabuula bwanji?"

"Kubuula ndi ntchito. Andilembera tsiku?"

Ndinaseka misozi ikutsika. Eneless anali atakhala pakhomo, akulira chapansipansi, akuti ndi iye wawapha achimwene ake. A Bizwick anatembenuza mutu, ndipo kwa iwo kutembenuza mutu sikunali kwamasewera.

"Iwe, leka zimenezo. Mphamvuzo ndinkasungira ndani? Chimene chikundiwawa n'chakuti ndinavula malaya. Ndikanalima ndi malaya, thukuta sakanaliona."

Kenaka anatiuza za maliro awo. Anati tisachezere kulira, tilire pang'ono madzulo n'kukagona, chifukwa belu silidzamva kuti kunali maliro. Anati manda asakhale akuya kwambiri, iwo sathawa.

Sitinawamvere. Tinalira mpaka mawu kutha, ndipo adzukulu anakumba manda akuya bwino, a Anesi ataimirira pomwepo kuti wina asachite ulesi. A Douglas anatipatsa theka la tsiku. Tinawaika m'manda a pa esiteti, m'dothi la mzungu, poti lathu tilibe. Tisanamalize n'kusamba m'manja komwe, belu linalira.

Masiku ano kumunda kuli liwiro lokhalokha. Anyamata atsopano akubwerabe kuchokera kutsidya, amphamvu zawo, ndipo amalimbirana kuti kapitao awatchule dzina. Palibenso munthu pakati pa mzere amene ungamuyang'ane n'kukumbuka kuti kunyumba kukudikira munda wina. Ndimayesa kuwauza kuti achepetse, amandiseka, amati madala mwakalamba. Chingwe chalumikizidwanso chaka chino.

Ndimawasowa a Bizwick, ndipo ndimawasowa kwambiri madzulo. Ndikaweruka ndimatenga khasu n'kupita kumunda kwanga, n'kuima m'mphepete. Udzu uli m'chiuno, chimanga chikundiyang'ana. Ndimafunafuna m'thupi monse ngati mwatsala kanthu koti ndiwapatse ana anga, n'kupeza kuti zonse ndazisiya m'tiyi.