Tsiku limene ndinasefa kompyuta

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba pa ukwati uliwonse wa pachibale, ndipo amawonjezera mchere. Bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndi anga omwe.

Chinali chaka cha 1998. Nditamaliza Giredi 12 ku naiti sukulu, ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogula thonje ndi nsawa pa boma la Chadiza. Anandipatsa miyezi itatu yondiyesa. Mwezi womwewo mkazi wanga Esinala anabereka mwana wathu woyamba, wamkazi, kwa amayi ake ku Pembamoyo. Ntchito imeneyo ndinkaigwira ndi manja awiri.

Mu ofesi munali makompyuta anayi a zilembo zobiriwira. Mawaya ake onse ankaboola khoma kulowa m'kachipinda ka Amayi Tembo, amene anachokera ku Chipata kudzayang'anira makinawo. Mayi ameneyu ndinkamusirira. Kompyuta ya wina ikavuta, sankanyamuka n'komwe. Ankangogogoda zala pamene wakhala, basi yachira.

Tsiku loyamba anatiuza kuti: "Izi zili pamatebulo anu zilibe mutu, ndi maso ndi zala chabe. Zonse mukulemba zimapita mu seva."

Ine ndinamva kuti sefa.

Ndipo zinandikomera. Ndinati azungu aganiza bwino: ufa wabwino, monga mayina a alimi ndi midzi yawo, umadutsa, koma madeya amatayidwa. Sindinafunse. Munthu wa Giredi 12 afunse chiyani?

Ntchito yanga inali kulemba alimi atsopano m'kaundula. Nthawi ya lanchi anzanga akapita kumsika, ndinkatsala ndi chinangwa changa, mtima uli ku Pembamoyo. Tsiku lina pamalo a dzina la mlimi ndinalemba kuti Tamandani Zulu, dzina la mwana wanga, limene ndinali ndisanauze aliyense mu ofesi. Pamalo a ndemanga ndinamulembera kakalata. Nditadina batani lalikulu, mawu onse anazimiririka. Ndinati eya, madeya apita.

Chinasanduka chizolowezi. Ndinkamuuza kuti adzaphunzira masana, osati usiku ngati ine. Ndinkamuuza kuti ndidzamugulira nsapato zofiira. Tsiku lina ndinalemba kuti: "Mutu wako ndi wosalala ngati wa abwana Sakala. Ndikawaona akudutsa ndimakukumbuka, ndipo ndimafuna kuwasisita."

Lachinayi lina madzulo, kompyuta ya abwana Sakala inazima osayakanso. Amayi Tembo anasuzumira pakhomo.

"A Zulu, mawa m'mawa yanuyo tipititsa kwa abwana. Inu mudzayamba mwagwirizira ya a Mbewe."

Nanga ngati madeya aja sanatayike, angotsalira m'bokosimo? Sefa aliyense amasunga zotsalira pamwamba mpaka wina azikhuthule. Abwana akangoyatsa, adzaona mutu wawo, ine ntchito yatha, nsapato zofiira zapita.

M'mawa mwake ndinafika alonda asanamwe tiyi. Ndinazula mawaya, ndinayala nyuzipepala pansi, ndinanyamula kompyuta ija n'kuizondotsa. Ndinayamba kuigwedeza uku ndi uku, ndikuimenya pang'ono m'mbali monga amachitira apongozi anga posefa ufa. Munagwa fumbi, kapini ka mapepala, ndi mphemvu imodzi yakufa. Ndinagwada kuyang'anitsitsa ngati mwagwa zilembo.

"Atate ake a Tamandani, mwadzuka bwanji?"

Ndinatembenuka, kompyuta ili pachifuwa ngati khanda. Anali Amayi Tembo, makiyi ali m'manja.

"Ndadzuka, amayi. Koma dzinalo mwalidziwa bwanji?"

"Yambani mwandiuza chimene mukuchita."

"Ndikusefa, amayi."

Anakhala pampando wanga, n'kuphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anati, "Ikani pansi katundu wa kampani, bwerani."

Kanali koyamba kulowa m'kachipinda kaja. Pakona panali bokosi lalikulu lotuwa, likung'ung'udza, mawaya athu onse atalumikizika kumbuyo kwake ngati ana a nkhumba akuyamwa.

"Uyu ndiye seva. Ndi V, osati F. Sasefa kanthu, amasunga. Batani lalikulu lija mumadina ndi lomuuza kuti asunge. Ijayi mumaigwedeza ngakhale mutaiponya mumtsinje, palibe chilembo chingatayike. Ndingolumikiza ina, abwana alembe dzina lawo, zonse zawo zibwere."

Ndinaiwala manyazi kwa kanthawi. Mutu umodzi kuganizira matebulo onse, ndipo mayi mmodzi kuuweta ali chikhalire! Kenako anagogoda zala, ndipo pagalasi panabwera mlimi Tamandani Zulu wa ku Pembamoyo, maulendo khumi ndi anayi.

"Amayi, ndagwira mwendo wanu, fufutani abwana asanaone."

"Kaundula amasindikizidwa Lachitatu lililonse, a Zulu. Mukuganiza amapita patebulo la ndani?"

Pakhomo wina anatsokomola. Abwana Sakala anaima pamenepo, chipewa chili m'manja, mutu ukuwala.

"Ndiwe kalaliki wa mlimi wathu watsopano uja?"

"Ndine, bwana."

"Ali ndi munda wa maekala angati?"

"Ali ndi masabata atatu, bwana."

Ndinayamba kuganiza za njira ya ku Pembamoyo ndi zimene ndikauze apongozi.

"Makalata khumi ndi anayi, sindinapezemo chilembo cholakwika," anatero abwana. "Naiti sukulu inakuphunzitsa. Amayi Tembo, musindikizireni akawerengere mwanayo, kenako mum'chotse m'kaundula asanam'tumizire mbewu."

Amayi Tembo anadina kawiri, mwana wanga anasiya ulimi. Pulinta inayamba kulira. Abwana anavala chipewa, anafika pakhomo, n'kuchivulanso. Anaweramitsa mutu patsogolo panga.

"Sisita kamodzi, Zulu, mtima ukhale pansi. Tili ndi ntchito yambiri lero."

Ndinasisita. Ndikanatani?

Mapepala aja Esinala anawasunga m'sutikesi mpaka lero. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti chinthu chikakhala chopanda mutu, uyambe wafunsa kumene mutu wake uli usanachiuze za mutu wa abwana.