Mapazi a Abambo ndi Fomu ya a Msiska

Lolemba, 11 Novembala

Kwacha kotentha kale. Mitambo ilipo iwiri yokha chakum'mawa, yoonda, yopanda mvula. Nyenje zikulira mumtengo wa mango. Malole a mchenga akudutsa pamlatho kulowera ku City Centre, ndipo kuseri kwa nyumba Abambo akuwongola misomali yakale pamwala: kho, kho, kho.

Nkhani yaikulu! Boma likusamuka ku Zomba kubwera mumzinda muno, anthu ake akufuna nyumba. Ku Area 10 kuli nyumba zisanu ndi imodzi zopanda denga, ndipo kapitawo wa kampani yomanga akuti ntchitoyo ndi ya Abambo. Abambo anga, amene zaka zonsezi akhala akufolera makhitchini ndi magolosale a kuno ku Kawale!

Chotsala n'chimodzi. Kapitawo akuti: "Loweruka isanakwane twelofu mubwere ndi pepala la inshuwalansi. Popanda limenelo pageti simulowa."

Abambo Chingerezi sadziwa. Ine ndili Folomu 2. Choncho ntchito ya pepala ndi yanga. Kusukulu sindiuza aliyense, ndipo palibe amene angafunse.

Ndondomeko:
1. Lero, kutenga fomu.
2. Mawa, kulemba.
3. Lachitatu, kubweza ndi kulandira chidindo.
4. Lachinayi, kupenta chikwangwani: J. PHIRI NDI MWANA WAKE, OKHOMA MADENGA.
5. Loweruka, Area 10!

Ofesi ya inshuwalansi ili ku Old Town, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Kalaliki wake ndi a Msiska, a kumpoto, angobwera kumene mumzinda muno. Zolembera zitatu m'thumba la shati: chakuda, chabuluu, chofiira. Njinga yawo yakuda, yonyezimira, amakwera nayo masitepe n'kuiimika pafupi ndi tebulo. Sindinaonepo njinga yosamalidwa chonchi.

Akuti: "Inshuwalansi imagwira pawiri, mnyamata. Wantchito akagwa, timamuthandiza. Mukaphwanya katundu wa mwini wake, timalipira ife."

Pakhoma pali chithunzi cha mzungu ataima padenga, atavala chisoti ndi jombo, akumwetulira.

Lachiwiri, 12 Novembala

Nditaweruka ndapita ku Area 3, kumene Abambo akufolera kanyumba ka kuseri ka mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndakhala pansi pa mtengo wa gwafa, fomu pabondo, ndikungowayang'ana.

Amavula nkhwayira zawo n'kuziika pamodzi m'munsi mwa makwerero, ngati munthu wolowa m'nyumba ya apongozi. Kenaka amakwera. Lata la masana ano ukaikapo dzira lingapse, koma iwo akuyenda pang'onopang'ono, misomali itatu pakamwa, hamala m'chiuno. Pansi sayang'ana n'komwe.

Akuti: "Mtanda uli pansi pa lata suoneka. Ndimaumva ndi phazi. Ukaponda pakati pa mitanda, lata limakugwetsa."

A Samson, msuweni wawo, ndiwo wantchito yekhayo. Amapatsira malata ali pansi, akuimba nyimbo imodzi yomweyo tsiku lonse.

Mafunso ndawafunsa atatsika kudzamwa madzi.

Zaka pantchito? "Makumi awiri. Iwe unali usanaganiziridwe."
Antchito? "Samson. Ulembe kuti amachedwa."
Mwagwapo kangati? "Sindinagwepo."

Kunyumba Amayi amva za funso limeneli ndipo sanakondwe: "Pepala lanji lofunsa munthu zakugwa, mawa akukakweranso? Mukuitana chiyani?"

Funso la nambala naini sindinawafunse. Likuti: kodi antchito amavala nsapato zodzitetezera? Ndaganiza za mzungu wa pakhoma uja. Ndaganiza za nyumba sikisi. Ndachonga pa "inde". Ndi kachizindikiro kakang'ono chabe, ngati mwendo wa ntchentche.

Lachitatu, 13 Novembala

Chidindo palibe.

A Msiska amawerenga fomu ndi rula, mzere ndi mzere. Afika pa zaka makumi awiri osagwa, avula magalasi, andiyang'ana. Afika pa naini, aimitsa rula pomwepo.

Akuti: "Munthu wotere ndikufuna kumuona ndi maso anga. Mawa thuu koloko ndifika ku Area 3. Ndikaonenso nsapatozo."

Ndatsika masitepe ndikuganiza kobwereka jombo.

Amene ali ndi jombo ku Kawale:
aphunzitsi a masewera (sindingayerekeze),
apolisi awiri (ayi),
a Chisale oyandikana nafe, mlonda wa nyumba ina ku Area 10.

Za a Chisale ndi za nthawi imene anali msilikali. N'zazikulu ngati mabwato, ndipo kunsi kwake kuli timisomali tachitsulo mizeremizere. Avomera, koma akuti: "Zibwere dzuwa lisanalowe, mphwanga. Bwana wanga safuna mlonda wa mapazi oonekera."

Chovuta chinali kuwauza Abambo. Ndaika jombozo patsogolo pawo n'kunena zonse ndikuyang'ana pansi. Ndimadikira mbama. Iwo anyamula imodzi, aitembenuza, agogoda timisomali ndi chala.

"Walemba kale?"
Ndati eya.
"Ndi dzanja lako?"
Eya.
"Ndiye ndivala. Munthu uja asadzanene kuti mwana wa Phiri amalemba bodza."

Basi, mawu omwewo. Kunali bwino akanandimenya.

Chikwangwani ndapenteratu lero kuti mtima ukhale pansi. Mawu oti MADENGA sanakwane bwino, GA ali mmunsi payekha.

Lachinayi, 14 Novembala



Ndathawa kusukulu nthawi yopuma, ndati m'mimba. A Msiska afika thuu koloko yeniyeni. Njinga aitsamiritsa pakhoma la kanyumba, pamthunzi, n'kupukuta chishalo ndi kansalu.

Abambo avala jombo, kutsogolo tatsekamo manyuzipepala. A Samson asiya kuimba. Abambo akwera makwerero mwaulemu ngati akupita kukalandira mphoto. Padenga: go! Sitepe yoyamba. Go! Yachiwiri. Kale lonse munthu sumamva kuti padenga pali Abambo. Lero Area 3 yonse yamva.

Yachitatu aponda pakati pa mitanda.

Lata lapindika, timisomali tatsetsereka, kwiii! Jombo yakumanzere yakodwa pa phaso n'kutsala pomwepo, Abambo avuka m'menemo n'kutsika chagada. Denga lake si lalitali. Koma pansi pake panali njinga.

Zimene ndaona:
gudumu lakutsogolo lapindika ngati nambala eyiti,
belu lagubuduka mpaka pa mtengo wa gwafa,
dzanja lamanja la Abambo laloza kumene dzanja sililoza.

A Msiska athamangira kwa Abambo. Njinga sanaicheukire ngakhale kamodzi! Avula jekete lawo n'kuwaikira kumutu. Ndidzawakumbukira pa chimenechi.

Abambo ali gone, mawu oyamba: "Pepani njinga, bwana." Achiwiri, kwa ine: "Tenga fomu ija. Pamene unalemba kuti sindinagwepo, ufufute. Ulembe kamodzi."

Mayi mwini nyumba awatengera kuchipatala pa galimoto la mwana wawo. Amayi atafika ndakumbukira mawu awo pa funso lija lakugwa. Angondiyang'ana.

Dzuwa likulowa ndabweza jombo imodzi. A Samson akana kukatenga inayo: "Denga limenelo lero lakwiya, ine ndili ndi ana." A Chisale aiyang'ana jombo yawo, andiyang'ana ine, kenaka apita kuntchito phazi lina jombo, lina patapata. Akuti bwana akamadutsa aziima phazi limodzi kuseri kwa mphika wa maluwa.

Lachisanu, 15 Novembala

Abambo awaika chikhakha kuyambira m'zala mpaka m'chigongono. Masabata asanu ndi limodzi osagwira hamala. Popeza anamenyetsanso mutu, adokotala akuti atuluka Lamulungu. Ndawapeza akuyang'ana kudenga la wodi. Akuti pakona pali msomali umene anaukhoma m'chigwa cha lata, osati pamsana, ndipo mvula ikabwera bedi lachitatu linyowa. Mwini bedi lachitatu wayamba kale kupempha kuti amusunthe.

Mwina a Samson angakwere m'malo mwawo, Abambo n'kumalangiza ali pansi? Mwina chidindo chingatheke? Ndathamangira ku Old Town ndi fomu yokonza.

A Msiska abwera wapansi lero, nsapato zawo zili mbuu. Gudumu lija lapachikidwa pamsomali pafupi ndi mzungu womwetulira.

Akuti: "Chidindo chikanakhalapo dzulo m'mawa, njingayi tikanalipira ife. Ndiyo ntchito yake imeneyo." Aseka pang'ono, okha.

Kudinda akana. Pa naini pakakhala "inde", iwo aona ndi maso kuti si zoona. Pakakhala "ayi", akulikulu ku Blantyre sangavomere. "Bambo ako ndi mmisiri, ndawaona akukwera makwerero. Koma fomuyi ilibe mzere wa mapazi."

Ndawauza kuti wochonga ndine, Abambo panthawiyo sankadziwa.

Akuti: "Ndinaona Lachitatu. Mayankho ena onse unasindikiza cholembera mpaka kuboola pepala. Pa naini pokha inki inangokhudza."

Munthu ameneyu amaona zonse. Ndikanakonda kukhala ndi maso otero, koma osati lero.

Loweruka, 16 Novembala

Ndanyamuka m'mamawa wapansi. Area 10 ndi kutali! Ndadutsa City Centre, maofesi atsopano ataima okhaokha m'tchire, pakati pake udzu ndi ziswe. Ndafika leveni itadutsa.

Kapitawo: "Pepala?"
Ndafotokoza.
"Pepani kwambiri. Muwapatse moni a Phiri."

Twelofu isanakwane n'komwe kwalowa lole ya kampani ya ku Blantyre. Amuna asanu ndi atatu, onse zisoti, onse jombo. Ndaima kunja kwa waya kuwayang'ana. Asanaponde padenga amayala matabwa n'kumayenda pamatabwapo! Palibe amene anatiuza zimenezi. Ngakhale mzungu wa pakhoma uja, matabwa ake sakuoneka.

Misomali yawo ina ikukhota. Ndawerenga isanu ndi iwiri panyumba yoyamba yokha. Sikuti zikundithandiza kanthu.

Pobwerera mvula yoyamba yandipeza pamlatho. Fungo la fumbi, ana akuvina m'misewu, azimayi a pamsika akuthawitsa tomato. Fomu yanyowa m'thumba, inki yonse yasungunuka, naini ndi zonse.

Kunyumba ndapeza Amayi atatseka khola la nkhuku ndi chikwangwani changa kuti anapiye asanyowe. J. PHIRI NDI MWANA WAKE akuyang'ana kumwamba. Sichikudontha.

Lamulungu, 17 Novembala

Kuli mitambo, kukuzizira bwino. Ngumbi zatuluka.

Ku wodi bedi lachitatu lanyowadi. Abambo tsopano ndi munthu wamkulu m'menemo, odwala akuwafunsa za madenga a kwawo.

A Msiska afika kuchokera kutchalitchi, wapansi, ndi nthochi m'pepala. Akuti anadzera ku Area 3. Mbali imene Abambo anamaliza sinalowe dontho ngakhale limodzi. Atulutsa fomu yatsopano, yoyera, n'kupatsa ine, osati Abambo. Akuti alembera kalata ku Blantyre kufunsa ngati nsapato zansalu zamphira wopyapyala zingaloledwe. Akuti nyumba zina zikadali pamaziko, boma silisamuka tsiku limodzi.

Mwina. Koma nyumba sikisi zija zapita, ndipo ndazipititsa ndine. Ndondomeko sindilembanso.

Tikutuluka pachipata ndayesa kupepesa. Abambo sanandilole kumaliza.

"Chikhakhachi chikachoka, uvula nsapato zakozo, ukwera nane. Uziyamba wamva ndi phazi, kenaka uzilemba."

Zaka zonsezi sanandilolepo kugwira ngakhale makwerero.

Abwera kunyumba: Abambo, dzanja lili m'nsalu. Amayi, ndi mtanga ndi nthochi zotsala. A Samson, atasenza makwerero ndi nkhwayira za Abambo. Ine, ndi fomu mkati mwa buku la Jogalafe. Jombo yakumanzere ya a Chisale sinabwere. Ikadali padenga ku Area 3, yadzaza madzi.