Zigubu ndi Pulagi ya Sikana

Malemu Zigubu, amene tamuika m'manda mwezi wathawu, nkhani iyi ankaikamba yekha, akuseka mpaka kutsokomola. Tsopano poti mwini wake kulibe, ikambidwe ndi otsala.

Pulani anaiphika Loweruka masana kuseri kwa bala, patebulo logwedera. Mkulu wa gulu anali Jenerale, munthu amene sanagwirepo ngakhale legeni. Wachiwiri anali Sipanala, katswiri wa makina, poti anasesapo milungu iwiri mushopu yokonza mafoni. Zigubu, chimunthu cha mimba ngati mgolo, ntchito yake inali kunyamula basi, ndipo kawiri konse anali atagwetsa katundu pothawa.

"Dilu ndi iyi, magaye," anatero Jenerale. "Mayi aja a pashopu ya fotokope agula sikana yatsopano."

"Sikana n'chiyani?" anafunsa Zigubu.

"Makina ojambula mapepala n'kuwaponya mukompyuta. Iwe uzingonyamula, aise. Ndiye sikanayo sikumvana ndi kompyuta yawo, akudikira amisiri ochokera kumene anaigula. Amisiriwo ndi ife. Tivala maovolosi, tinena kuti ikaonedwe ku wekishopu, tituluka nayo dzuwa likuswa mtengo, mayiwo akutithokoza."

Sipanala anaomba m'manja. Jenerale analoza Zigubu ndi botolo.

"Wogula alipo kale, koma wati yakufa satenga. Ukaipha iyi, madala, m'gulu muno watuluka."

Mowa unamuwawa Zigubu. Padziko lonse lapansi, anthu omutchula kuti mnzathu anali awiri okhawa.

Lolemba m'mawa analowa m'shopu ngati madokotala, Sipanala atanyamula chikwama cha zida momwe munali supuni ziwiri zoti zizilira. Anapeza mayi a shopu atagwada pansi pa tebulo, dzanja lili pakhoma.

"Mwachedwa, abambo," anatero mayiwo. "Mnzanu wandiuza kale pafoni zochita, ndiye ndayamba ndekha apudeti."

"Eya, apudeti," anavomera Sipanala, maso ali kudenga.

"Akuti m'kati mwa sikana muli kapulogalamu kake, kamene kamauza nyale poyambira ndi poimira. Kakale kachotsedwa, katsopano kakulowa. Magetsi akaduka zili pakati, makina asanduka njerwa. Koma inu mukudziwa kale zimenezi."

"Ndi zimene timadyera," anatero Jenerale.

"Vuto ndi soketi iyi, ndi yokhwepa. Ukangosiya, pulagi imagwa. Inu bambo aakulu, tagwirani apa, dzanja latopa."

Zigubu anakwawira pansi pa tebulo, mimba ikukhuza simenti, n'kugwira pulagi. Jenerale anawerama ngati akumanga nsapato.

"Ukasiya, wafa nayo limodzi," ananong'ona. "Ikangotha, tinyamula."

Kuchokera pamenepo Zigubu dziko ankalionera m'mapazi. Nsapato za Jenerale zoyasama kutsogolo, masilipasi a mayi, ndi mawu a Sipanala akuwerenga manambala pakompyuta monga wolengeza mpira.

"Fifitini. Sikisitini. Yabwerera pa fifitini."

"Imabwereranso?"

"Ikuganiza kaye, bwana."

Kasitomala analowa kufuna fotokope ya satifiketi. Mayi anati Jenerale athandizeko poti ndi wa makina. Jenerale anatulutsa mapepala khumi akuda bii, n'kunena kuti satifiketiyo ndi yachikale.

Itafika fote, masilipasi anapita kukhomo. Zigubu anamva mayi akuimba foni.

"Ndimati ndithokoze, achimwene. Ndinapempha mmisiri mmodzi, mwanditumizira atatu." Anamvetsera yankho. "Oho. Chabwino, auzeni afulumire."

Masilipasi anabwerera pang'onopang'ono.

"Abambo, mumwa tiyi? Shuga angati?"

"Anayi," anayankha Jenerale, atakhala kale pampando wa mwini shopu, mwendo pamwamba pa unzake. Zigubu anafuna kunena kuti foni ija sinamveke bwino, koma ntchentche inamutera pamphuno, ndipo nzeru zake zonse zinathera pa kusayetsemula. Mkono unachita dzanzi. Thukuta linkayenderera mpaka m'khutu. Koma mumtima munali kukoma. Chibadwire sanagwirepo chinthu nthawi yaitali chonchi osachiwononga.

"Nayinte foro," anatero Sipanala, kenaka mawu anaonda. "Bwana, pawindo. Apolisi awiri akuwoloka msewu."

"Zatsala zingati?"

"Sikisi."

"Ndiye tithawe chifukwa cha sikisi? Mwina akubwera kudzapanga fotokope."

"Akuthamanga, bwana."

"Ndiye kuti ndi fotokope yachangu."

Pamene Jenerale amati aimirire, majombo anayi anali atatseka khomo. Sipanala anayesa windo, ovolosi inakodwa pachitsulo, supuni zinamwazika pansi. Jenerale anayamba kufotokoza kuti iye ndi kasitomala chabe, kapu ya tiyi ili m'manja.

Nkhope ya sajeni inasuzumira pansi pa tebulo.

"Iwe, tuluka. Manja m'mwamba."

"Limodzi lokha, bwana. Linalo lili pantchito."

"Ndati tuluka."

"Musamukhudze ameneyo, a sajeni," analowerera mayi. "Akasiya, sikana yanga yafa. Mwa atatuwa, wogwira ntchito ndi yekhayu."

Sajeni anakanda m'mutu, n'kumanga dzanja linalo la Zigubu kumwendo wa tebulo. Ndiye onse anaunjikana pakompyuta, apolisi, mbava ziwiri zomangidwa pamodzi, ndi kasitomala wa mapepala akuda uja, kuwerengera limodzi ngati ana a sukulu.

"Nayinte eyiti. Nayinte nayini."

Sikana inalira, nyale inayenda uku ndi uku. Shopu yonse inaomba m'manja, kupatula omangidwa. Zigubu pansi pa tebulo anagwetsa msozi.

"Ndisiye tsopano, mayi?"

Mayi anavala magalasi n'kuyandikira kompyuta.

"Akuti gawo loyamba latha. Atsala awiri."

Sajeni anakoka mpando n'kufunsa ngati tiyi watsalako.