Sinki Yanga Yatenga Tsitsi la Apongozi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani Yomata Masinki a Mwala

Bwana Wolemekezeka,

Ndine mayi wamba wotsuka ndi kuluka tsitsi m'kasaluni kanga. Ndalemba kalatayi chogwada, kuti ndikuthokozeni pagulu chifukwa cha mmisiri amene munanditumizira. Paja sinki yanga yamwala wakuda inabenthuka pamene kasitomala amatsamiritsa khosi, ndipo kamng'alu kanatsika mpaka potulukira madzi.

Choyamba, zikomo pondichotsa umbuli. Ine ndinkayesa kuti sinki yakuda imamatidwa ndi guluu wakuda. Mmisiri wanu anabwera ndi woyera mbee! Mng'alu umene poyamba unkaoneka pokhapokha munthu akawerama, lero akuuona ngakhale odutsa pamsewu.

Chachiwiri, munthuyu sataya nthawi. Sanavutike n'kupukuta madzi kapena kuchotsa mafuta a tsitsi, anangopaka pamwamba ngati majarini pabuledi. Sandipepa yosalazira anabwera nayo ndithu, ndipo inamuthandiza kwambiri podzikupiza.

Chachitatu ndiye chachikulu. Ananditsimikizira kuti pofika m'mawa guluuyo akhala atauma gwa. Woyamba kukhala pampando m'mawa mwake anali apongozi anga. Mayi amenewa, chilowereni ine m'banja lawo, amakatsukitsa kusaluni ya kutsidya kwa msewu, ati manja anga ndi olemera. Ndinawanyengerera zaka ndi zaka, ndipo tsiku limenelo ndi limene anavomera. Anatsamira bwinobwino, ine n'kuwatsuka mwaulemu wonse. Pofuna kudzuka, sinki inawakaniza: tsitsi linali litamatirira paguluu uja.

Ndinawamasula ndi sizasi, Bwana. Sanakalipe ayi. Anangodziyang'ana pagalasi, kumanga mpango kumutu, n'kuwoloka msewu. Ndinalira, sindikubisirani. Mpaka lero moni wanga sakuyankha, ndipo makasitomala amene amva nkhaniyi akumapempha kuti ndiziwatsukira m'beseni.

Ndikaimba foni kuofesi kwanu mumandiikira kanyimbo kokoma mpaka batire kutha. Pano ndakaloweza, zikomonso.

Pempho langa ndi laling'ono. Musavutike kutumizanso mmisiri, ameneyo apume, wagwira ntchito yaikulu. Bwerani nokha Bwana, mudzatsamire pasinkiyi ndikutsukeni ulere, poti guluu wanu adakali wamphamvu ngati tsiku loyamba. Ngati muli ndi dazi musade nkhawa, mungobwera ndi apongozi anu.

Ine wanu wodzichepetsa zedi,
Mayi wa kusaluni