Buku la Tadala Lili kwa Mayi Makwinja

Lolemba

Buku lasowa. Ayi, silinasowe, ndikudziwa kumene lili, ndiye vuto lakelo.

Ndi la mwana wanga Tadala wa Fomu 3. Nkhani ya ana amasiye okaba belu losunga mvula pansanja ya mfumu. Ndinangolitsegula kuti ndione zimene mwana akuwerenga, basi ndakodwa. Muli mtsikana wolankhula ndi maloko, ndimamukonda ngati wobereka ndekha. Koma pachikuto pali chigaza, ndiye mayi wamkulu ngati ine ndakhala ndikulibisa m'kathumba ka buku la nyimbo. Timatumbati amayi tonse a kumpingo tinasoketsa pansalu imodzi, kwa telala mmodzi.

Dzulo potuluka m'tchalitchi ndinatola kathumba ka Mayi Makwinja, wapampando wathu. Iwo anatenga kanga. Mayi Makwinja omwe aja anaitanitsa akulu a mpingo chifukwa mwana wina anavala tisheti ya chinjoka! Ndipo mkati mwa bukulo Tadala analemba dzina lake ndi la bambo ake, zilembo zikuluzikulu.

Ana a m'buku aja ndawasiya padenga la nsanja, alonda akukwera.

Lachiwiri

Ku ofesi ku Sunnyside ntchito sikugwirika. Foni ikalira ndikuyesa ndi Mayi Makwinja. Tadala akuti ndingowaimbira kuti tinasinthana. Mwana sadziwa kanthu: munthu ukamuuza zimenezo, choyamba amatsegula zipi.

Ngati ana amasiye angalowe m'nsanja ya mfumu, ine kwa a Makwinja ku Namiwawa kungandikanike? Gulu langa:
— bambo a Tadala, oyendetsa galimoto
— Esnati, mlamu wa neba wanga, wophika kwa a Makwinja, munthu wathu wam'kati
— ine, mutu wa zonse

Madzulo bambo a Tadala akuti, "Mafuta ndawapeza movutikira, ndikathere pa zibwana?" Tatsala awiri.

Lachitatu

Esnati anasiya ntchito chaka chatha, akugulitsa kaunjika ku Limbe. Gulu ndine ndekha.

Ndafika ku Namiwawa. Mpanda wautali, waya wamagetsi pamwamba, galu ngati mwana wa ng'ombe. M'buku akanadzera m'ngalande. Ine ndagogoda pageti.

Mlonda: "Madamu ati asasokonezedwe, akuwerenga."

Akuwerenga chiyani? Sindinafunse. Ndabwerera kwathu ku Nancholi, kathumba kawo kali m'khwapa.

Lachinayi

Tsiku la msonkhano wa amayi. Dongosolo la lero ndi losavuta: kukhala pafupi nawo, kudikira pemphero la Mayi Phiri lomwe limachedwa kutha, onse akatsinzina ine kusinthitsa. M'mawa ndayeserera pamatilesi, dzanja likuyenda bwino.

Mayi Makwinja sanabwere! Munthu woti ngakhale mvula ya matalala sajomba. Akuti maso akuwawa, mutu ukugunda, tulo sakupeza. Ndawadwalitsa ndine. Aona chigaza chija, magazi akwera.

Lachisanu

Dongosolo latsopano: kukazonda wodwala, ndekha, ndi phava la nthochi. Cholakwika changa, ndafunsa mlembi wathu ngati amadya nthochi. Iye walengeza pagulu lathu la pafoni. Tapita minibasi yodzaza.

Atilowetsa mpaka kuchipinda. Kathumba kanga kali pambali pa pilo, zipi yotsegula. Tayimba, tagwada, tatsinzina. Ndatambasula dzanja pang'onopang'ono, ndatsala pang'ono kukhudza nsalu, Mayi Phiri aligwira. Alifinya mpaka ameni, kenako akuti aona kuti mzimu wandikhudza lero.

Potsanzika Mayi Makwinja andiyang'ana ndi maso ofiira. "Amake Tadala, Lamulungu tionane. Tili ndi nkhani."

Nthochi ndabwera nazo, ndinaiwala kupereka.

Loweruka

Zoti ndichite:
— kusita bulauzi yoyera ya kumpingo, mwina komaliza
— kufufuza mpingo wakutali kumene sandidziwa, kaya ku Bangwe
— kunena kuti buku ndi la Tadala (ndi zoona, koma mtsikana wa maloko sangagulitse mnzake chonchi)

Ndachotsapo chachitatucho. Ndikavomera ndekha. Chondinyansa n'chakuti pakati pa mantha onsewa ndikuganizabe ngati ana aja atsike padenga.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Titatuluka andikodolera kuseri kwa tchalitchi. Andipatsa kathumba kanga, ndawapatsa kawo.

"Mabuku otere ndi oopsa, mayi. Ine sabata yonse sindinagone."

Ndawerama, ndayamba kupepesa. Iwo ayang'ana uku ndi uku, atsitsa mawu.

"Koma mtsikana wa maloko uja kugulitsa anzake chonchija, inu munayembekezera? Ndi belu lija kukhala labodza! Buku lotsatira mukalipeza, mundipatsire m'kathumba momwemu."

Mbiri yanga yapulumuka. Palibe wopita ku Bangwe.

Buku lili pano patebulo. Ndatsegula pamene ndinalekezera, ana akadali padenga, akugwirana manja, akudalira mtsikana wa maloko uja. Ndatsekanso. Tadala akufunsa ngati ndamaliza kuti abwereke mnzake. Ndamuuza atenge.